Kalata ya Che Saidi m'Disiki Yakale

1988 mpaka 1993

Za ubwana wanga ku Chitala ndazidumpha dala, ana anga, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo, ndipo zina ndinkachita kuwonjezera kuti mulimbikire sukulu. Ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa pa hotela ina ku Senga Bay m'chaka cha 1988, ndili ndi satifiketi ya kutayipa ndi diresi limodzi la ku tchalitchi. Dzina la hotelayo sinditchula, popeza inasintha eni kawiri ndipo lero ikudziwika ndi dzina lina. Ntchito yanga inali pa risepushoni: kulandira alendo, kuyankha foni, kulemba m'buku lalikulu kuti chipinda chakuti mulowa ndani tsiku lakuti, ndi kutayipa makalata a bwana. Bambo anu atatisiya mu 1992, ntchito imeneyi ndiyo inasanduka munda wathu. Munali atatu, ndipo iwe Chikondi unali usanasiye kuyamwa. Muzikumbukira zimenezi mukamawerenga zimene ndinachita pambuyo pake.

Manijala wathu anali a Kaphuka, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala pamene ena tonse tinkasungunuka. Sanali oipa mtima, koma anali okhwima pa malamulo moti ukafuna pepala limodzi umayenera kufotokoza kumene lapita la dzulo. Masiku a chipani chimodzi analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani pahotelapo, ndipo chaka chikamayamba ankaima pageti ndi kabuku ka makhadi. Wopanda khadi ankabwerera pomwepo.

Munthu wachiwiri woti mumudziwe ndi Che Saidi, khukhi wamkulu, Msilamu wa ku Khombedza. Anali achikulire kale pamene ndinkafika, owonda, opanda mano a mbali imodzi. Ankaswali kuseri kwa sitolo ya makala, pa kamkeka kawo kotha m'mbali. Sankalankhulalankhula, sankakhala chofulatira chitseko, ndipo ankadya mofulumira modabwitsa kwa munthu amene chakudya chonse cha pahotela chinali m'manja mwake. Ine ndinkawaseka nazo. “Che Saidi, akukuthamangitsani ndani?” Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, “Nachisale, pakamwa pako padzakupeza.” Mitu ya chambo imene munkalimbirana Loweruka lililonse inkachokera kwa iwowa, atakulunga mu nyuzipepala. Sanafune kuti ndizithokoza.

1994

Chaka chimene tinavota zipani zambiri ndi chakanso chimene kompyuta inafika. Inachokera ku ofesi yathu ya ku Lilongwe itagwira kale ntchito kumeneko zaka, yachikasu ngati mano a munthu wosuta. Anandiphunzitsa masiku atatu, n'kundisiyira kabuku. Inali yochedwa mochititsa manyazi. Ndinkaiyatsa m'mawa, n'kupita kukhitchini kukatenga tiyi, kupatsana moni ndi aliyense, kubwerera, ndikupeza ikadali kukukuta m'kati. Mlendo akafunsa ngati chipinda chilipo, ndinkayang'ana galasi mwaulemu uku ndikusuzumira m'buku lakale limene ndinabisa pansi pa tebulo.

Chilichonse chokhudza makinawa chinali chosowa. Riboni ya pulinta inkachokera ku Lilongwe pakapita miyezi, ndipo a Kaphuka ankaitsekera mu dilowa pamodzi ndi timadisiki tating'ono tosungira zinthu. Timadisikito tinkachitanso nkhungu ndi chinyontho cha kunyanja. Pulinta yeniyeniyo inali mu ofesi ya bwana, ndipo ikayamba kulira ankaimva ndi ochapa zovala kulondile omwe. Lamulo linali limodzi: kompyuta ndi ya ntchito za hotela basi. Kalaliki mnzanga Yobu anatayipirapo makhadi a ukwati wa mchemwali wake, ndipo pofika Lachisanu anali atanyamula katundu. A Kaphuka anatiitana tonse n'kutiuza kuti wotsatira adzapita chimodzimodzi.

Kunjaku anthu anali atamasuka pakamwa. Mumabasi, pamsika, ngakhale pamaliro, aliyense ankanena zimene anaziona m'zaka zija. Mawetala amene kale ankanong'onezana anayamba kutsutsana za ndale mokweza mpaka alendo kucheuka. A Kaphuka okha ndi amene anayamba kuchepa mawu, ndipo kabuku ka makhadi sitinakaonenso.

1995

Tsiku lina masana Che Saidi anabwera ku risepushoni, malo amene sankapondako. Inali nthawi imene bwana ankapita kunyumba kwawo kukadya ndi kupumula mpaka 2 koloko. Anaima akupukuta manja pa epuloni, manja oti anali ouma kale.

“Nachisale, makina akowa amalemba Chichewa?”

“Amalemba chilichonse chimene munthu wawauza. Kuchedwa kokha.”

“Ukalakwitsa amafufuta osaoneka?”

Nditavomera, anakoka mpando n'kuukhazika moyang'ana kuchitseko. Anandiuza kuti ali ndi mwana wamkazi, dzina lake Asiyatu. Ndinali nditagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri osadziwa. Anati tsiku lina kalekale, mwanayo ali ndi zaka zisanu, anapita ku Salima boma kukamugulira nsapato za Idi, zapulasitiki zofiira. Pobwerera, padepoti, anyamata a chipani anawafunsa khadi. Analibe. Anawaonetsa nsapatozo n'kunena kuti, “Ndagula izi. Mwana wanga sangavale khadi.” Mawu amenewo anawadyera zaka zisanu ndi chimodzi m'ndende, popanda mlandu wozengedwa, popanda wina wouza banja lawo kumene ali. Abale a mkazi wawo, kaya chifukwa cha mantha kaya chifukwa chosadziwa, anafalitsa kuti Saidi wathawira ku Joni ndi mkazi wina. Mkazi wawo anatenga mwana n'kupita kwa achibale ku Mchinji, kenako kuwoloka malire, ndipo anamwalira akukhulupirira zomwezo. Che Saidi atatuluka anapeza nyumba itagwa. Anachenjezedwa kuti akatsegula pakamwa abwerera kumene achoka, ndiye anatseka.

“Tsopano mayi wina wa geni ya usipa wamupeza Asiyatu,” anatero. “Ali ku Mchinji, ndi wapabanja. Ndinatumiza moni. Yankho labwera lakuti iye alibe bambo.”

Ndinawauza kuti ndiwalembera pamanja usiku womwewo, koma anakana. Iwo ankawerenga zilembo za Chiarabu zokha zimene anaphunzira ku madirasa, ndipo ankakhulupirira kuti kalata ya pamanja aliyense angaikayikire, koma ya makina imaoneka yoona. Chinanso, ankafuna kumasintha. “Nkhaniyi sindinainenepo,” anatero. “Sindikudziwa poyambira pake. Ndizinena, uzindiwerengera, ndizimva ngati zili momwemo.” Ndinakumbukira Yobu. Ndinakumbukiranso mitu ya chambo ija. Ndinatsegula tsamba latsopano n'kuwafunsa kuti tiyambe ndi moni wanji.

Tinalemba miyezi isanu ndi iwiri, masana okhaokha, akamaliza kuswali, nthawi zina mphindi khumi zokha. Tsiku lina ankanena ndime yonse, mawa lake n'kuti ndifufute chifukwa ikumveka ngati akudandaula. Za kumenyedwa anandiuza ndili chigwirire manja pachifuwa, koma sanalole kuti zilowe. “Ameneyo ndi mwana, si woweruza.” Zimene ankafuna zilowe zinali zing'onozing'ono: kuti Asiyatu ankaopa abakha, kuti anali ndi chipsera pachigongono chimene anapsa ndi nyale, kanyimbo kamene ankamuimbira pomusambitsa. Kanyimboko anandiimbira chapansipansi kuti ndilembe mawu ake, ndipo ndinalemba misozi ikugwera pa mabatani. Anandidzudzula kuti ndiwononga katundu wa kampani.

Vuto linali pobisa. A Kaphuka ankakonda kutsegula mafoda a makalata ndi a mabukingi kuona ngati ndikugwira ntchito. Koma panali foda imodzi imene sankaiyandikira, yodzaza ndi mafayilo a mayina osamveka, imene wondiphunzitsa uja anati ndi ya sisitemu, ndiye kuti pulogalamu yaikulu imene imadzutsa kompyuta ndi kuyendetsa zina zonse. Anatiopseza kuti wokhudza mmenemo apha makina. Tsono inu mukudziwa kuti kwathu ku Chitala chinthu chofunika timachitsomeka patsindwi, mu udzu, pamene mwana safikira ndipo mlendo sayang'ana. Ndinachita chimodzimodzi. Kalata ya Che Saidi ndinaitsomeka m'kati mwa mafayilo a sisitemu, ndikudziona wochenjera kwambiri. Sindinaisindikize chifukwa pulinta inali kwa bwana, ndipo sindinaikopere pa kadisiki chifukwa timadisiki tinali mu dilowa. Inali pamalo amodzi okha padziko lonse.

Febuluwale 1996

Lachinayi lina Che Saidi anandiuza mizere itatu, n'kunena kuti, “Mawa timaliza, Inshaala. Kwatsala kutsanzika kokha.” Lachisanu m'mawa anagwa kukhitchini atagwira chikombe. Anapita nawo kuchipatala ku boma, ndipo patatha masabata awiri anawabweretsa kwa mlongo wawo ku Khombedza, mbali ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka. Nditapita kukawaona anandizindikira. Anayesa kulankhula koma kunkangotuluka mpweya. Ndi dzanja lamanzere anayamba kugogoda pa mphasa ndi zala, ngati munthu akutayipa, maso ali pa ine. Ndinawauza kuti kalata ilipo, ili bwino, ndiitumiza. Ndinalonjeza ndisakudziwa kuti ndiitulutsa bwanji m'makinamo.

Ndinazengereza mwezi wathunthu, ndipo ichi ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Tsiku lililonse ndinkati mawa bwana akapita ku Lilongwe ndipeza kiyi wa ofesi, koma mawalo silinkafika. Ndinayamba kuikopera pamanja mu kope la sukulu la iwe Madalitso, n'kufika tsamba lachiwiri pa masamba khumi ndi anayi, kenako alendo a msonkhano anadzaza hotela ndipo nthawi ya masana inasowa. Mumtima ndinkadzitonthoza kuti palibe chothamangira, popeza kalata ili pabwino.

Malichi 1996

Eni hotela anatopa ndi madandaulo a kuchedwa kwa kompyuta, ndipo anatumiza katswiri wawo, a Gondwe, bambo wonenepa wanthabwala amene anafika Lachiwiri cha m'ma 9 koloko atanyamula kachikwama ka masikuludilaiva. A Kaphuka anali atandiuza dzulo lake kuti akubwera kudzasamutsa sisitemu kuiika pa disiki yatsopano yothamanga. Ndinagona tulo tabwino. Ndinkaganiza kuti ngati akusamutsa sisitemu, ndiye kuti zonse zili m'kati mwake zisamukira limodzi, ndipo kalata yanga ikwera nawo ulendowo popanda woiona.

A Gondwe anatsegula bokosi la kompyuta, n'kupemerera fumbi ndi nyerere zakufa mpaka tonse tinayetsemula. Anatulutsa m'chikwama kachitsulo kofanana ndi sopo wochapira kukula kwake.

“Iyi ndiyo disiki yatsopano, mayi. Yakaleyi ndi iyo ikukukutayo. Yakalamba, imazungulira mwaulesi. Mukamamwa tiyi podikira, vuto ndi imeneyi.”

“Ndiye tiyi wanga mwandilanda,” ndinatero.

Anamangirira yatsopanoyo pambali pa yakale, n'kulumikiza ndi lamba wotuwa. Kenako anatulutsa mpukutu wa timadisiki tomanga ndi labala, tili ndi manambala, n'kuyamba kulowetsa kamodzikamodzi. A Kaphuka anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, manja atapinda, chifukwa sankakhulupirira munthu aliyense pafupi ndi katundu wa kampani. Ine ndinafunsa mongocheza kuti timadisikito n'ta chiyani.

“Sisitemu yatsopano, yoyera,” anatero a Gondwe. “Yakaleyo sindikopera ayi, yadzaza zinyalala za ku Lilongwe za zaka zambiri. Timati kusamutsa, koma kwenikweni timamanga nyumba ina. Ndikamaliza nditenga katundu wanu, mafoda a mabukingi ndi a makalata, n'kulowetsa m'nyumba yatsopanoyo.”

“Nanga yakaleyo?”

“Ndiipukuta yonse mbee. Ndibwerera nayo lero, akufuna kuiika mu kompyuta ya ku sitolo.”

Ndinali nditaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa ku Chitala amachidziwa, chakuti anthu akamasamuka amanyamula mphasa, mitondo ndi mbale, koma udzu wa patsindwi lakale amausiya kapena kuutentha. Wotsomeka kanthu mmenemo amayenera kukumbukira yekha.

Ntchito inatenga maola anayi, ndipo maola amenewo ndinakalamba nawo. Kadisiki kachisanu ndi chiwiri kanakana, a Gondwe anakatulutsa, kukapemerera, kukabwezera, kanavomera. Ndinkapemphera kuti kakane ndithu kuti abwerenso sabata ina. Ndinkadikira kuti bwana atuluke ngakhale pang'ono kuti nditsine khutu a Gondwe. Ndinauza a Kaphuka kuti kukhitchini akuwafuna, anati adikire. Foni inalira ya mlendo wodandaula za madzi otentha. Anati ndiyankhe ndine. Nthawi ya chakudya itakwana anaitanitsa masangweji pomwepo. M'zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, limenelo ndi tsiku lokhalo limene a Kaphuka sanapite kukapumula masana.

Cha m'ma 1 koloko a Gondwe anazimitsa makina n'kuyatsanso. Ndisanamalize n'komwe kukonza mpando, zonse zinali zitatseguka. Anandiuza kuti ndiyang'ane ngati mabukingi onse afika ndi makalata onse. Zinalipo. A Kaphuka anamwetulira, chinthu chosowa.

“Basi, tipukute gogoyu,” anatero a Gondwe. Analemba mawu angapo, ndipo pagalasi panabwera funso la Chingerezi lofunsa ngati akutsimikiza, popeza zonse za pa disikiyo zitayika. Chala chawo chinali pamwamba pa batani. “Palibe chotsala mmenemu, eti?”

Anafunsa mwamwambo chabe, osayang'ana munthu. Ndikufuna mudziwe zimene zinali m'mutu mwanga, kuti musamanditenge ngati munthu wolimba mtima kuposa mmene ndinalili. Ndinaona Yobu akutuluka pageti ndi katoni. Ndinaona inu atatu, ndi nyumba ya kampani imene tinkakhalamo. Ndinadziuza kuti nkhaniyo ndikuidziwa, ndingathe kuilembanso kunyumba pamanja. Koma ndinadziwanso kuti ikanakhala kalata ya Nachisale, ya mawu ambiri ndi zokometsera, osati ya munthu amene anasankha liwu lililonse miyezi isanu ndi iwiri ndipo tsopano sangathe kunena ngakhale limodzi. Ndinaona zala zija zikugogoda pa mphasa.

“Dikirani,” ndinatero. “Muli chinthu changa.”

A Kaphuka anatembenuka pang'onopang'ono. “Chanu, Mayi Nachisale?”

“Si changa kwenikweni, bwana. Ndi kalata ya Che Saidi yopita kwa mwana wawo. Ndinatayipa ndine, nthawi ya masana, kuyambira chaka chatha. Lamulo ndinkalidziwa.”

A Gondwe anachotsa chala pa batani n'kuika dzanja m'thumba, ngati akuopa kuti lingachite zake. Anandifunsa kuti ili pati, ndipo nditawauza anaseka mpaka kutsokomola. “Mayi, zaka zonsezi sindinaonepo munthu wosunga kalata mmenemo. Ndani anakuphunzitsani?” Ndinati agogo anga. Anaipeza, n'kuikopera ku disiki yatsopano, ndipo mwina pofuna kuonetsa ntchito yawo anaitsegula. Kalata imene kale inkatenga nthawi yoti munthu n'kuthira shuga mu tiyi inangoti mbwee pagalasi, bwana ali pomwepo.

“Sunthani,” anatero a Kaphuka.

Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga. Sankadziwa kutsitsa tsamba, ndiye ndinkawatsitsira ndine akagwedeza mutu, nditaima kumbuyo kwawo ngati wolakwa amene wagwira yekha chikwapu. Tinafika pa tsamba lachitatu, pa nkhani ya padepoti. Sanagwedeze mutu. Anakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa imene mizereyo inkafuna. Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya tayi yawo.

“Saidi ameneyu,” anatero, osatiyang'ana, “chaka chilichonse ankakhala woyamba kugula khadi kwa ine. Ankagula awiri. Ndinkamutchula pamsonkhano kuti ena atengere chitsanzo.”

A Gondwe anayamba kulongedza masikuludilaiva amene anali olongedza kale. A Kaphuka anaimirira, n'kulowa mu ofesi yawo, ndipo ndinamva kiyi akuzungulira mu dilowa. Anatuluka ndi kadisiki katsopano ndi riboni imene inali isanatsegulidwe, yomaliza, imene tinkasungira mamenyu a Pasaka.

“Musindikize ziwiri,” anatero. “Ina ikasochera panjira. Pa pepala loyera, osati lakumbuyo kolembedwa.” Atafika pachitseko anacheuka. “Mukamaliza mutayipe kalata ya chenjezo, ya inuyo. Kuyambira Lolemba mukagwira kulondile miyezi itatu. Yobu ndinamuchotsa, sindingathe kungokusiyani.”

Pulinta inalira masana onsewo mpaka mawetala anabwera kudzasuzumira. Kalata ya chenjezo ndinaitayipa bwino, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo anasayina osaiwerenga. Disiki yakale a Gondwe anaipukuta cha m'ma 3 koloko, atandifunsa katatu ngati mulibenso za agogo.

Meyi 1996

Kalata ya Che Saidi ija sindinaimalizitse. Ndinaganiza zowonjezera mawu otsanzika, koma ndinaona kuti si anga owonjezera. Ndinangolemba pamanja pansi pake, kumuuza Asiyatu kuti bambo ake anadwala asanamalize, ali ku Khombedza, ine ndine wotayipa. Inapita ndi mayi wa usipa uja. Mizere yomaliza imene Che Saidi anandiuza Lachinayi lija inali iyi: “Tsiku lotuluka anandibwezera lamba ndi kaphukusi kanga. Wotchi sanabweze. Nsapato zako zili m'sutikesi, sindinapatse munthu.”

Kulondile kunali kotentha, ndipo manja anga anasupuka ndi sopo. Inu munkadabwa kuti amayi akununkhira bwanji mashiti a alendo. Masabata anadutsa popanda yankho, ndipo Lamlungu lililonse ndikapita ku Khombedza, Che Saidi ankayang'ana m'manja mwanga ndisanakhale pansi. Ndinayamba kuopa ulendowo. Tsiku lina Loweruka ndikuyanika matawulo, mlonda anabwera ndi mayi wina wamtali, wovala mpango wakuda, atagwira dzanja kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Sanapereke moni wautali.

“Ndinu munatayipa?”

“Ndine.”

“Munawonjezera zanu?”

“Ngakhale liwu limodzi.”

Anakwinya dzanja la bulauzi n'kundionetsa chigongono. Chipsera chinalipo. “Amayi anga ankati ndinagwa pa njinga,” anatero. “Ndiperekezeni.”

Ndinakapempha chilolezo kwa a Kaphuka, ndipo anangoti ndipite, matawulo sathawa. Mu minibasi Asiyatu ankangoyang'ana pawindo kuchokera ku Senga Bay mpaka ku boma, kuchokera ku boma mpaka ku Khombedza. Tinapeza Che Saidi atawakhazika pakhonde pa mphasa, atatsamira khoma. Asiyatu anaima patali pang'ono n'kupereka salamu ngati kwa mlendo, ndipo mlongo wa Che Saidi ndiye anayankha. Bambowo ankangomuyang'ana, diso limodzi likutuluka misozi, lina lili gwa. Nkhope ya mayiyo inali yolimba ndipo sindinkadziwa ngati wabwera kudzakhululuka kapena kudzaona chabe munthu amene anamuda moyo wake wonse.

“Sutikesi ili kuti?” anafunsa.

Anaitulutsa, yachitsulo, yadzimbiri m'makona. Pansi pa mkanjo woyera panali kaphukusi ka pepala la khaki lofewa ndi ukalamba, lomanga ndi ulusi. Asiyatu anamasula yekha. Zinali nsapato ziwiri zapulasitiki, zofiira mofwifwa, zomangirirana ndi kachingwe ka m'sitolo kamene sikanadulidwepo. Kamtsikana kaja kanazilanda n'kuyesa kuvala, koma phazi linakana, zinali zazing'ono. Ine ndi pakamwa pangapa ndinatsala pang'ono kunena kanthu koti tiseke, koma Mulungu anandigwira lilime.

Asiyatu anazitenga kwa mwanayo, n'kudula kachingwe ndi mano. Anagwada kumapeto kwa mphasa, n'kulowetsa zala za dzanja lililonse mu nsapato imodzi. Ndiye anayamba kuziyendetsa pa mphasapo, phazi ili, phazi ilo, timasitepe tating'ono ta mwana wa zaka zisanu, mpaka zinafika pa mawondo a bambo ake n'kuima.

“Baba,” anatero, “ndavala.”

Che Saidi anatambasula dzanja lamanzere n'kuphimba nsapato zonse ziwiri pamodzi ndi zala za mwana wawo. Ine ndinanyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene ndinalira mokweza mpaka mlongo wawo anabwera kudzanditonthoza ngati woferedwa ndine.

Che Saidi anakhala ndi moyo miyezi ina isanu, ndipo Asiyatu ndiye ankawadyetsa phala. Ine ndinabwerera pa risepushoni mu Juni, n'kupeza kompyuta ikuthamanga moti tiyi ndinkamwa wozizira. Ndinagwira pamenepo zaka zina khumi ndi zinayi. Kalata ya chenjezo ija ili m'faelo yobiriwira pamodzi ndi masatifiketi anga, ndipo kope lachiwiri la kalata ya Che Saidi lili kumbuyo kwake. Tsiku limene mudzagawane katundu wanga, mapepala awiriwo musadzawalekanitse.